Moni Wodya Mayunitsi

Ndikali nalo kope lachikuto chobiriwira limene ndinkalembamo za tsiku ndi tsiku chaka chimene ndinali Fomu 3. Masamba a tchuthi chachitali cha chaka chimenecho ali ndi fumbi la mpunga mpaka lero, ndipo pafupifupi onse akunena za bokosi limodzi lotuwa lokhomeredwa pakhoma. Patsamba lina ndinalemba mawu awiri okha, ndikukanikiza cholembera mpaka pepala kubooka: "Bokosili landikwana."

Ndinkakhala ndi azakhali anga pafupi ndi boma la Nkhotakota, chifukwa kwathu ku Liwaladzi n'kutali ndi sukulu imene ndinasankhidwira. Azakhali ankagwira ntchito pachigayo cha mpunga. Ankalandira alendo, kuyankha foni, ndipo anthu akachuluka ankathandizanso kusikelo. Kanyumba ka zipinda ziwiri kamene tinkagonamo, kuseri kwa chigayocho, kanali ka bwana wawo. Zimenezi ndinkazidziwa bwino ngakhale sitinkazikamba. Ntchito ikatha, nyumba yatha. Nyumba ikatha, tonse awiri tikwera minibasi ya ku Liwaladzi, ndipo Fomu 4 yanga ithera pomwepo.

Kwa zaka zambiri chigayocho chinali ndi foni imodzi yam'manja, yakale, yomangidwa ndi kalabala kuti batire lisagwe. Inkakhala patebulo la azakhali. Alimi a ku Chia, a kwa Malengachanzi ndi a kwathu sankayimba kuti alankhule ayi. Ankafulasha. Munthu ayimba, foni ilira kamodzi, iye n'kudula isanayankhidwe kuti mayunitsi ake asapite. Azakhali ankayang'ana nambala n'kumuyimbira ndi mayunitsi a chigayo. Kufulasha kamodzi kunkatanthauza kuti ndiyimbireni. Kawiri motsatizana kunkatanthauza kuti matumba ali kale pamsewu, tumizani lole. Palibe amene analemba lamulo limeneli, koma kuyambira ku Chia mpaka kufupi ndi Dwangwa aliyense ankalidziwa.

Ndiye chaka chimenecho bwana anabwera kuchokera ku Lilongwe ataona mafoni a m'maofesi akuluakulu. Patapita masiku anabwera ndi amisiri, bambo wovala tayi ngakhale pokwera makwerero. Amisiriwo anachotsa simu khadi m'foni yakale ija n'kuiika m'bokosi lotuwa. Kuchokera m'bokosimo anayendetsa mawaya kupita ku mafoni anayi a patebulo: ya azakhali, ya bwana, ya kunyumba yosungira matumba, ndi ya kuchigayo kwenikweniko, kumene palibe amene akanaimva ikulira. Pomaliza anapempha bwana kuti ajambulitse mawu olandirira oyimba.

Bwana ndi munthu wamkulu, wa ndevu zoyera, wa m'banja lakale la amalonda a pa Nkhotakota. Sapereka moni wothamanga. Anajambulitsa katatu mpaka anakhutira, ndipo mawuwo ndimawaloweza mpaka lero:

"Asalamu alayikumu. Muli bwanji nonse? Kunyumba kuli bwanji? Ana ali bwanji? Ife kuno tili bwino, Mulungu akutisunga. Mwayimba kuchigayo chanu cha mpunga. Ngati mukufuna kulankhula ndi ine, dinani wani."

Mawuwo ankapitirira mpaka pa "dinani folo." Tonse tinawomba m'manja. Ine ndinalemba m'kope langa tsiku limenelo kuti chitukuko chafika pakhomo pathu, ndipo ndikadzamaliza sukulu ndidzagwira ntchito pamalo otere. Ndikawerenga tsamba limenelo ndimafuna kuling'amba.

Tchuthi chitayamba ndinkakhala pabenchi la muofesi ya azakhali ndi mabuku anga, chifukwa kunyumba mwera unkalowa pazenera losweka. Ndi mmene ndinaonera kuti foni yatsopano ija sinkalira. Inkawala bwino, kagalasi kake kakuonetsa nthawi yolakwika, koma inali chete. Mwina kawiri patsiku munkayimba wogula wa ku Salima kapena ku Lilongwe, anthu a mayunitsi awo. Alimi ayi. Inali nyengo yoti panja padzaze matumba, koma panja pankayenda nkhuku. Azakhali ankanyamula foniyo, kuiika kukhutu, kumva kuti ili moyo, n'kuibwezera.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wa ku Chia, mtsogoleri wa gulu la amayi olima mpunga m'mbali mwa madzi kumeneko. Analowa ndi chitenje m'chiuno, foni atamangirira pamfundo yake. Sanakhale pansi.

"Achemwali, mwalemera eti? Masiku ano simutiyimbiranso."

"Inu ndi amene mwasiya kufulasha," anatero azakhali.

"Ine? Kanayi konse! Ndikangodina, isanalire n'komwe, abwana anu ayamba kale kundifunsa za kunyumba. Kunyumba kuli bwanji, ana ali bwanji. Ndikawayankha sandimva. Ndikamati ndidule, mayunitsi apita. Amene ndinagula kuti ndiyimbire mwana wanga ku Dwangwa anathera pa moni. Moni wake wotani wodya mayunitsi a amphawi?"

Ine ndinaseka, azakhali anandiyang'ana, ndinasiya.

"Ndiye ndangobwera kudzakuuzani pamaso, poti tadziwana kalekale," mayiwo anapitiriza. "Mpunga wa gulu tayamba kupereka kuchigayo china. Kumeneko tikafulasha amatiyimbira."

Mwatsoka, mawu omalizawa ndi okhawo amene bwana anamva, chifukwa ndi pamene ankatuluka muofesi yawo. Anawalonjera mayi aja mwaulemu wonse, kuwaperekeza mpaka pachipata, n'kubwerera nkhope itasintha.

"Mayi, anthu akudandaula kuti simuwayimbira."

"Bwana, mwina ndi bokosili."

"Bokosi lachokera ku Lilongwe. Bokosi silipita kumsika nthawi ya ntchito. Bokosi silicheza ndi anthu kusikelo. Mwezi uno ukamatha zinthu zili chonchi, ndipeza wina wodziwa mafoni amakono."

Azakhali anangoti, "Ndamva, bwana." Atachoka ndinawafunsa chifukwa chimene sanawauzire zimene mayi a ku Chia ananena.

"Ndiwauze kuti moni wawo ndi umene ukuthamangitsa anthu? Iwe, pakamwa pakopo pali ndi chitseko? Munthu wamkulu ngati uja?"

Kunali kutatsala masiku khumi ndi awiri kuti mwezi uthe. Ndinawawerenga pakalendala ya pakhoma, n'kuwerenganso.

Ndinabwereka foni yam'manja ya azakhali n'kufulasha nambala ya chigayo nditaima pomwepo. Zinali monga ananenera mayi aja. Isanalire, bwana anali atayamba kale salamu. Ndinadula, ndinayang'ana foni ya patebulo. Sinalire, ndipo nambala sinatsale. Bokosi linkayankha lokha, ndipo kwa ilo foni yoyankhidwa si foni yophonyedwa, ndiye panalibe choti liuze azakhali. Alimi ankagogoda, bokosi n'kuwatsegulira, kuwalipiritsa, n'kubisa kuti kunabwera munthu.

M'kabati ndinapeza buku la malangizo limene amisiri anasiya, likali m'pulasitiki. Linali lachingerezi, koma osati chimene ankatiphunzitsa kusukulu. Ndinkadziwa mawu ambiri paokhapaokha, koma akaikidwa pamodzi ankandikana. Ndinakhala nalo masiku awiri, dikishonale ili pambali. Pang'onopang'ono ndinamvetsa kuti bokosilo limalamulidwa kudzera pa mabatani a foni ya azakhali, ndipo lili ndi makomo awiri. Khomo loyamba ndi la kalumikizidwe: foni ikalowa ilire kangati, ipite kwa ndani, iyankhidwe ndi munthu kapena mawu ojambulidwa. Khomo lachiwiri ndi la kasamalidwe ka bokosilo, za nthawi, za kukonza likasokonekera, ndi zina zimene ndinaganiza kuti ndi za amisiri okha. Chigawo chachiwirichi ndinangochidumpha. Makomo onse awiri ankafuna nambala yachinsinsi ya manambala anayi.

Bukulo linatchula nambala imene bokosi limabwera nayo kuchokera kufakitale. Bwana atapita kukadya, ndinaidina. Bokosi linakana. Ndinaganiza kuti chala chaterereka, ndinadinanso. Linakana. Kachitatu foniyo inalira kaphokoso koipa, kagalasi n'kulemba kuti khomo latsekedwa kwa ola lathunthu.

"Wapha foni ya eni ake!" Azakhali anagwira mutu. "Mwana wa achimwene, ndakulakwira chiyani? Ndimati ndili ndi masiku khumi, iwe ukufuna ndichoke lero?"

Ola limenelo ndinalikhala nditatsamira tebulo kuti bwana akadutsa asaone kagalasi. Litatha, foni inabwerera mwakale, kukhala chete ngati sinalakwe kanthu.

Tinayimbira amisiri. Tsiku loyamba sanayankhe. Lachiwiri anayankha azakhali ali kusikelo, ndiye ndinalankhula ndine.

"Ndi ndani?"

"Ndine mwana wa amayi olandira alendo kuchigayo cha ku Nkhotakota. Timapempha nambala yachinsinsi ya bokosi."

"Uli kalasi yanji?"

"Fomu 3."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Werenga bayoloje, chemwali. Lija si wailesi yoti uzipotokola. Ndibwera sabata yamawa."

"Koma alimi akafulasha..."

"Auzeni azigula mayunitsi. Dziko lasintha."

Anadula. M'kope ndinalemba zinthu zokhudza tayi yawo zimene sindingabwereze pano.

Nambalayo inatulukira kwa azakhali omwe. Tinkasankha usipa pakhonde madzulo ena, dzuwa likadalipo, ndipo anangoima dzanja lili m'lichero.

"Tsiku lija amisiri anafunsa bwana kuti atchule manambala anayi oti sadzaiwala. Bwana anayang'ana pazenera n'kunena kuti ikani a lole."

Ndinadumpha. Koma lole inali itapita ku Dwangwa, ndipo palibe amene ankaidziwa nambala yake. Azakhali sankaidziwa. Bambo oyendetsa chigayo anandiyang'ana ngati ndafunsa zachilendo.

"Lole yathu timaidziwa ndi kulira kwake, ikali kutali uko. Nambala ndi ya apolisi."

Ndinadikira masiku awiri. Itafika, nambalayo inali yokutidwa ndi fumbi louma ngati phala. Ndinatola mankhusu a mpunga n'kuyamba kupukuta. Adalaivala anasuzumira pazenera.

"Iwe, wayamba liti upolisi wa pamsewu? Laisensi ndili nayotu."

Ndinalemba manambalawo pachikhatho n'kuthawa.

Mpata unali umodzi wokha: Lachisanu masana. Azana yoitanira anthu kumapemphero ikangomveka kumzikiti, bwana ankatseka ofesi yawo, chigayo chinkazimitsidwa, amuna onse n'kupita kukaswali. Kunkakhala bata loti umamva mpheta zikutola mpunga panja. Lachisanu limenelo azakhali anaima pakhomo kuyang'ana kumsewu, ine ndinakhala pampando wawo, buku lili pamiyendo.

Ndinadina manambala a lole. Khomo linatseguka.

Kagalasi kankaonetsa mizere iwiri yokha, ndiye kunali ngati kuyenda m'nyumba yaikulu ndi kandulo. Kawiri ndinasochera, kulowa m'malo osintha kaliridwe ka foni, mpaka inayamba kulira ngati chule. Ndinabwerera, ndinayambanso. Kenako ndinapeza chimene ndinkafuna: foni ilire kangati mawu ojambulidwa asanayankhe. Panali ziro. Ziro mmodzi ameneyo ndi amene anathamangitsa gulu lonse la ku Chia. Ndinamufufuta n'kuika eyiti, poganiza kuti azakhali akakhala kusikelo afunika nthawi yoti ayende kudzafika patebulo. Ndinapezanso poti foni ya azakhali izisunga manambala a anthu amene ayimba osayankhidwa, ndinayatsa. Ndinatuluka m'khomomo.

"Fulashani, azakhali."

Anafulasha ali pakhomo pomwepo. Foni ya patebulo inalira kamodzi, n'kusiya. Pakagalasi panatsala nambala yawo. Azakhali anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anavina pang'ono, mapewa okha, kuopa kuti amuna akubwera kumzikiti angawaone. Tsiku limenelo ndinalemba masamba atatu. Ndinalemba kuti mwina ndidzakhala injiniya.

Loweruka masana magetsi anazima, monga amachitira. Sindinaganizepo kanthu. Lolemba m'mawa ndinafulasha kuti ndingosangalala, ndipo m'khutu mwanga munalowa mawu aja: "Asalamu alayikumu. Muli bwanji nonse?"

Ndinakhala pansi, pasimenti penipeni. Ndinatsegula buku, ndipo yankho linali m'chigawo chimene ndinadumpha chija, cha kasamalidwe. Zimene munthu wasintha, bokosi limangozigwira m'manja. Kuti lizisunge, uyenera kulowa khomo lachiwiri n'kuliuza kuti sunga. Ukapanda kutero, magetsi akazima limabwerera ku zimene linasungitsidwa kale. Zinalembedwa m'kabokosi kakuda, ndi zilembo zikuluzikulu, patsamba limene ndinaliona kuti si langa. Apa ndi pamene ndinaboola pepala la kope langa.

Mwezi unkatha Lachitatu. Lachisanu lina kunalibe. Bwana, poona kuti ntchito yachepa, ankakhala muofesi tsiku lonse chitseko chili chotsegula, maso ali patebulo la azakhali. Ngakhale chakudya ankawabweretsera komweko. Lolemba lomwelo nditabwerera kunyumba ndinapeza makatoni atatu opanda kanthu kuseri kwa chitseko. Azakhali anali atawapempha kugolosale. Sananene kuti ndi a chiyani, inenso sindinafunse.

"Ndikawauza bwana," ndinatero.

"Usayerekeze. Akadziwa kuti unagwira bokosi lawo popanda chilolezo, sadikiranso Lachitatu."

Anali ndi mfundo. Koma makatoni aja ankandiyang'ana. Lachiwiri m'mawa, azakhali atapita kusikelo kukayeza matumba awiri a bambo wina amene anabwera panjinga, ndinapita pakhomo la ofesi ya bwana n'kugwada.

"Ukufuna chiyani, mwana iwe?"

"Bwana, ndimapempha kuti mufulashe chigayo chanu."

"Ndifulashe? Ine?"

"Ngati mmene amachitira alimi. Koma muyambe mwaona mayunitsi anu."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndikuganiza kuti anavomera chifukwa chosowa chochita basi. Anatulutsa foni m'thumba la mkanjo, anaona mayunitsi, anayimba. Mawu awo atayamba kumveka anamwetulira, n'kugwedeza mutu motsatira moniwo.

"Dulani, bwana, dulani msanga. Mlimi sadikira."

Anadula.

"Onaninso mayunitsi."

Anaona. Kumwetulira kunachoka. Anayesanso, chala chili chokonzeka kudula, koma salamu inawapambana liwiro. Anaonanso mayunitsi. Kenako anadzuka n'kupita patebulo la azakhali, kumene foni inali chete, kagalasi kopanda nambala iliyonse. Azakhali ankalowa nthawi yomweyo. Ataona bwana ataima pamenepo, ine ndikali chogwada, anatsamira chitseko.

"Mayi, nanga bwanji simunandiuze?"

"Ndinayesa, bwana."

"Simunayese mokwanira."

Ndinkafuna kuwakumbutsa za bokosi losapita kumsika lija, koma azakhali anandiponyera diso, ndinameza.

Ndinaulula zonse: buku, Lachisanu, eyiti, magetsi. Bwana anamvetsera akusisita ndevu.

"Nambala yachinsinsi unaitenga kuti?"

"Pa lole, bwana."

Anatseka maso pang'ono. "Chabwino. Koma moni wanga usachoke. Munthu safika pakhomo panga osalonjeredwa."

"Suchoka. Ungodikira kuti foni ilire kasanu ndi katatu."

"Kasanu ndi katatu! Ndiye adzaumva ndani? Katatu."

"Bwana, katatu azakhali sangafike kuchokera kusikelo. Ndiponso alimi ena netiweki imawachedwetsa kudula."

"Kanayi."

"Kasanu ndi kawiri, bwana."

"Mwana uyu akunenerera ngati akugula chambo," anatero akuyang'ana azakhali. "Kasanu ndi kamodzi. Osawonjezera."

Ndinakhala pampando wa azakhali, bwana ataima kumbuyo kwanga. Ndinkamva fungo la mafuta onunkhira a mkanjo wawo ndi kupuma kwawo. Ndinalakwitsa nambala ya lole koyamba, n'kukumbukira ola lija, koma kachiwiri khomo linatseguka. Ndinafufuta ziro, ndinaika sikisi. Ndinayatsa kusunga manambala. Kenako ndinalowa khomo lachiwiri, limene ndinkaliopa. Ndinakonza nthawi, imene kuyambira tsiku loyamba inkanena kuti ndi chaka chimene ndinali ndisanabadwe. Ndinapeza mawu oti sunga. Bokosi linandifunsa ngati ndikutsimikiza. Ndinadina kuti inde. Kagalasi kanadzaza timadontho, kamodzikamodzi, pang'onopang'ono ngati mpopi wa m'chilimwe, n'kulemba kuti zatheka.

"Basi?" anafunsa bwana.

"Basi."

"Tione." Anapita pakhoma n'kuzula pulagi ya bokosi ndi dzanja lawo. Mafoni onse anazima. Anawerenga chamumtima, sindikudziwa mpaka zingati, n'kuibwezera. Tinadikira magetsi ang'onoang'ono a bokosi akuthwanima, ofiira, kenako obiriwira. Bwana anafulasha. Foni inalira kamodzi. Nambala yawo inatsala pakagalasi, nthawi ili yolondola pambali pake.

Ndinkayembekezera kuti apepesa kwa azakhali. M'maganizo mwanga ndinali nditawalembera kale mawu ake. Iwo anangobweza foni m'thumba.

"Bokosi lakonzeka. Koma panja palibe matumba. Ndikuwonjezerani mwezi umodzi, mayi. Alimi akabwerera, mukhala."

Ndipo zinali zoona kuti foni inakhalabe chete. Tsiku lonse Lachiwiri sinalirenso. Anthu amene analumidwa kanayi sakanayesanso kachisanu chifukwa choti mtsikana wina wasintha ziro kukhala sikisi, nkhani imene sankaidziwa n'komwe. Izi sindinaziganizire. Ndinkaona ngati ndikangokonza bokosi, lole iyamba kuyenda yokha.

Azakhali anatulutsa kope lawo lakale la manambala a alimi, lothimbirira m'mphepete, n'kuyamba kuyimbira mmodzimmodzi. Ine ndinkawerenga manambala, iwo akudina. Ena sanayankhe. Ena anati mpunga anagayitsa kale. Bambo wina wa kwa Malengachanzi anawakalipira kwa nthawi yaitali, podziwa kuti mayunitsi ndi a chigayo, ndipo azakhali anangoti pepani, pepani, ngati iwo ndi amene anajambulitsa moni. Pomaliza tinayimbira mayi a ku Chia aja.

"Achemwali, ndi ine wa kuchigayo. Mutha kufulasha tsopano."

"Abwana anu asiya kufunsa za kunyumba?"

"Akumadikira kaye."

"Aphunzira ulemu?" Anaseka mpaka ine kumva ndili pabenchi. "Matumba ena atsala, sitinapereke onse. Ndikambirana ndi anzanga. Koma ndiyesa kamodzi kokha. Akangotsokomola m'khutu mwanga, basi, tisadzadziwanenso."

Lachitatu sanayese. Ndinakhala pabenchi buku la masamu lili lotsegula patsamba limodzi tsiku lonse. Magetsi anazima masana n'kuyakanso, ndipo ndinathamangira panja kukafulasha ndi foni ya azakhali. Inalira. Bokosi linali litakumbukira.

Lachinayi cha m'ma teni, azakhali akusesa pakhomo, foni inalira kamodzi n'kusiya. Tonse tinaima. Isanathe mphindi inaliranso kamodzi n'kusiya. Azakhali anagwetsa tsache. Sanayang'ane n'komwe nambala. Anatulukira pakhomo n'kukuwira adalaivala, amene ankagona pansi pa mtengo wa mango.

"Dzukani, achimwene! Ku Chia, matumba ali pamsewu!"

Sanabwerere onse. Ena anazolowera chigayo china ndipo sitinawaonenso. Koma mwezi wowonjezera uja utatha bwana sananene kanthu, ndipo pamalo pathu kusanena kanthu kwa bwana ndiye yankho. Makatoni atatu aja azakhali sanawataye. Anakhala kuseri kwa chitseko chaka chonse chimene ndinali Fomu 4, ndipo ndinkaikamo mabuku anga.

Amisiri anabwera patapita masabata asanu. Anamva zimene zinachitika, anayang'ana m'bokosi, sanasinthe sikisi wanga. Anangosintha nambala yachinsinsi, kuti ana asamaseweretse zipangizo za ofesi. Bwana anavomereza kuti n'zoona. Anatero ine ndili pabenchi pomwepo.

M'kope langa muli tsamba limene ndinalembapo njira yonse, batani ndi batani, ndipo pansi pa mawu oti sunga ndinajambula mizere itatu. Silingandithandizenso popanda nambala yatsopanoyo. Koma azakhali mpaka pano, magetsi akangoyaka atazima, amatenga foni yawo yam'manja, kutuluka panja, n'kufulasha tebulo lawo lomwe. Ikalira kamodzi amabwerera kudzakhala pansi.